Kwa achemwali a ku Ulongwe amene akupita ku Joni koyamba

Achemwali, mwati mukupita ku Johannesburg kukaoda zovala, ulendo wanu woyamba, ndipo mukuopa kuberedwa panjira. Ambiri amaopa munthu wa mpeni. Ine ndimaopa kwambiri uja wobwera akumwetulira, wokupatsani moni m'Chichewa kapena m'Chipwitikizi, amvekere "mlongo wanga, ndikuthandizeni". Ameneyo amadziwa kuti munthu akamva chilankhulo chakwawo kutali, mtima umakhala pansi.

Zimayambira konkuno musananyamuke. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali ogulitsa matikiti a basi ndi malo ogona amene amafuna kuti mutumiziretu ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola. Mukangotumiza, nambala yazima. Tikiti kaguleni pa ofesi, mulandire risiti m'manja.

Pa nkhani ya pasipoti ndiye ndichedwepo. Mukadzera ku Zimbabwe mudzadinditsa kanayi: pa Cuchamano potuluka mu Mozambique, pa Nyamapanda polowa mu Zimbabwe, kenako pa Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa, mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Limpopo. Pamalirepa pamayendayenda anyamata onena kuti mzere watalika, muwapatse pasipoti ndi kangachepe akakudinditsireni. Musawapatse. Imani pamzere, ngakhale miyendo iwawe, mupereke nokha pawindo. Ena amathawa nayo, ena amabweza ili ndi chidindo chabodza, ndipo chikadziwika wogwidwa ndinu, iwo ali phee pansi pa mtengo. Pasipoti ya Mozambique imalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, koma ofesala akhoza kukulemberani ochepa, choncho werengani tsiku limene walemba musanachoke pawindopo. Kuyambira 2014, wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitiriza ndi masiku osaposa 30, zaka 5 ngati waposa pamenepo. Kwa munthu wa geni, imeneyo ndi imfa ya bizinesi. Mudzamvanso za anthu otenga mapasipoti ku Joni kukawadinditsa kumalire eni ake atakhala. Ndi mlandu umenewo, musayese.

Ndalama sinthirani ku banki mu mzinda wa Tete, mutenge ma rand, ndi timadola ta America tochepa togulira madzi ndi chakudya mu Zimbabwe. Ma metical kumeneko adzakuvutani kusintha. Osintha ndalama apamalire ali ndi manja ofulumira: amawerenga inu mukuona, mukawerenganso nokha zakwana, iye n'kuti "dikirani ndionenso", pobweza zina zatsalira m'chikhatho. Mwinanso mnzake amakuwa kuti apolisi akubwera kuti muthawe musanawerenge. Pogula zinthu mu Zimbabwe kanani chenje cha ZiG, ndalama yawo imene inayamba mu 2024, chifukwa mukawoloka mtsinje mulibe nayo kopita. Ndalama za katundu zigaweni pawiri kapena patatu, zina m'kathumba ka m'kati mwa zovala. Za m'chikwama zikhale zoti zikapita mungodandaula, osati kulira.

Pa Beitbridge basi imatha kuima maola ambiri, usikunso. Khalani pafupi ndi anzanu a m'basi. Wina akakuuzani za njira yachidule yodzera kumtsinje, dziwani kuti kumeneko ndi kwa magumaguma, achifwamba okhalira kudikira owoloka mozemba.

Mukatsika pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ku Joni, musaime pakhomo n'kumayang'anayang'ana foni ili m'manja. Wokunyamulirani katundu mugwirizane naye mtengo asanagwire chikwama, ndipo muziyenda pambali pake, osati iye patsogolo inu kumbuyo. Chabwino koposa n'kukhala ndi wachibale wodzakuchingamirani m'kati mwa siteshoni momwemo. Ngati palibe, itanani Uber kapena Bolt, ma taxi oitanitsa pafoni, muyerekeze nambala ya galimoto ndi imene ili pafoni musanakwere.

Pa ATM musalole thandizo la aliyense, ngakhale atavala ngati mlonda. Amasinthanitsa khadi m'kuphethira kwa diso mnzake ataona kale nambala yanu yachinsinsi. Tapani m'kati mwa banki kapena m'sitolo zazikulu, masana. Aliponso odzitcha apolisi, ovala wamba, ofuna kuona ndalama zanu ati pofufuza zachinyengo. Apempheni chiphaso cha ntchito, muwauze kuti nkhaniyo mukakambirane ku polisi. Wabodza sakonda mawu amenewo.

Pasipotiyo ijambuleni pafoni, mupangitsenso fotokope, ina musiyire akunyumba. Ikatayika, kanenani ku polisi kaye, kenako mupite ku kazembe wa Mozambique: ku Johannesburg kuli ofesi, ku Pretoria kuli yaikulu. Nambala ya apolisi ku South Africa ndi 10111, ndipo pafoni yam'manja 112 imagwiranso. Nambala ya wokuchingamirani ilembeni papepala, chifukwa foni ikhoza kuthera moto muli pa Musina, tawuni yoyamba mukangolowa mu South Africa.

Tiuzeni ngati basi yanu ikudzera ku Harare kapena ku Maputo. Ngati ndi ku Maputo, malire anu ndi Ressano Garcia, ndipo mudzadinditsa kawiri kokha.