Funsani Tikuyankheni: Mpanda wanga wautsa mkangano ndisanaike n'komwe buloko

FUNSO: Zikomo bambo. Ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Luchenza. Nyumba ndinamanga pa puloti yomwe ndinagula, koma ilibe mpanda. Chaka chino chokha akuba andibera nkhuku, zovala pachingwe ndi batire la sola. Mwana wanga wa ku Johannesburg watumiza ndalama ndipo mabuloko ndagula kale. Tsopano aneba akumunsi akuti ndikamanga nditseka kanjira kopita kumjigo, komanso madzi a mvula azidzathira kwawo. Mmisiri wanga akuti ndisawamvere, ndipo akuti mpanda sufuna chilolezo cha khonsolo poti si nyumba. Zoona n'ziti?
Mayi odandaula, Luchenza

YANKHO: Pepani mayi ndi umbava umenewu. Kugona khutu lili panja, galu akangouwa mtima n'kudumpha, n'kowawa, makamaka muli nokha ndi ana. Mpanda mumange ndithu. Koma mabulokowo ayambe adikira milungu ingapo, sawola.

Pa za chilolezo, mmisiri wanu walakwitsa. Lamulo loona za kamangidwe, la Physical Planning Act la 2016, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1988, limafuna kuti chomanga chokhazikika chiyambe chavomerezedwa, ndipo khoma la simenti ndi chomanga chokhazikika. Inu muli m'tauni yomwe ili ndi khonsolo yakeyake ya Luchenza, ndiye ofesi simuyendera mtunda. Tengani mapepala a puloti ndi pulani yosonyeza momwe khoma lidzere, kutalika kwake ndi pomwe padzakhale geti. Chilichonse chomwe mwalipira, mulandire lisiti. Akhonsolo amayang'ana ngati simukudya msewu kapena ngalande, ngati khoma silikukwirira mapaipi a Southern Region Water Board, ngati silitsekera mkati mapolo a ESCOM, ndiponso, pa puloti ya pakona, ngati silibisa galimoto kapena kabaza wochokera mbali ina. Mukamanga mwakachetechete, ali ndi mphamvu yokuimitsani ngakhale kukulamulani kugwetsa, ndipo tsiku limenelo mmisiri uja adzakhala ali pa ganyu ina.

Ngati puloti yanu yagundana ndi msewu wa M2, uja wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo mpaka ku Muloza, samalani kwambiri. Pa misewu ikuluikulu ngati umenewu, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali iliyonse, ndi malo a msewu. Zizindikiro zofiira za X zomwe mumaziona pa makoma ena m'mbali mwa misewu zimachokera pamenepa.

Kenaka malire. Ambirife pogula malo tinasonyezedwa ndi chala: kuyambira pa mango apo, kukafika pa chulu icho. Mango amadulidwa, chulu amaumbira njerwa. Ngati puloti yanu inayezedwa, m'makona muli mabikoni, zizindikiro zosonyeza malire. Afukuleni onse aoneke, ndipo akasowa itanani saveya (woyeza malo) wovomerezeka, musalole mmisiri kungoyerekeza ndi chingwe. Ngati munagula malo a makolo, itanani amfumu, amene anakugulitsani ndi aneba onse, muyende malirewo limodzi dzuwa likuswa mtengo, zomwe mwagwirizana zilembedwe. Kumbukiraninso kuti maziko amakhala otambalala kuposa khoma. Mazikowo nawonso akhale mbali yanu.

Tsopano za madzi, ndipo apa ndikupemphani mundimvetsere bwino, chifukwa aneba anuwo akunena zomwe ine ndinaziphunzira mochedwa.

Kwathu ndi ku Mulanje, kufupi ndi Chitakale, pamalo otsetsereka. Nditamanga mpanda wanga, mmisiri anasiya timabowo pansi pa khoma lakumunsi. Nkhuku za eni zinayamba kulowera pamenepo n'kumafukula mbewu zanga za kuseri, ndiye ine ndinatenga simenti yotsala n'kutseka timabowo tonse. Mmisiriyo naye anali atatalikitsa mapilala pofuna kusunga simenti, ine osadziwa. Zaka ziwiri khomalo linaima bwinobwino. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, mvula inagwa usana ndi usiku osakata. Madzi onse a padenga ndi a kumtunda anadzaima kuseri kwa khoma lija ngati damu, kufika m'mawondo. Chakum'bandakucha tinangomva chiphokoso ngati galimoto yataya miyala. Khoma lonse linali litagonera pa khitchini ya aneba.

Kutacha ndinatsikirako. Mapoto anali ataphwanyika pansi pa mabuloko, thumba la ufa lili phala m'matope ofiira, mphasa yomwe ana ankakhalapo pootha moto ikuonekera kangodya kokha. Mayi a pakhomopo anangoima, mwana kumbuyo, chitenje chili chonyowa, osandinena kanthu. Madzulo a dzulo lake ana atatu anadyera nsima pamalo omwewo. Khitchini ndinawamangira ina, koma mpaka lero mvula ikamagunda malata usiku ndimadzuka n'kukaunika khoma ndi tochi.

Kuno kwathu kumunsi kwa phiri, ndi ku Thyolo komwe, mvula si yamasewera. N'chifukwa chake tiyi amakondako. Dothi lofiira likakhuta madzi limalemera ndipo limakankha. Choncho muuzeni mmisiri akumbe maziko mpaka apeze nthaka yolimba, aike mapilala pafupipafupi, pafupifupi mamita atatu alionse, ndi waya m'mizere ya mabuloko. Pansi asiye mabowo. Mukaopa nkhuku ndi agalu, ikanipo tizitsulo kapena sefa, osati simenti. Koma mabowo okha sathetsa dandaulo la aneba, chifukwa akhoza kusanduka mipopi yothira pakhomo pawo. Kumbani kangalande mkati mwa mpanda, kotolera madzi n'kuwatsogolera ku ngalande ya msewu. Aitaneni anebawo aone ndi maso pomwe madziwo azidzatulukira. Mudzaona nkhope zawo zikumasuka.

Za kanjira, mapu a khonsolo ndiwo anene. Ngati kali pa mapu ngati njira ya anthu, simungakatseke, ngakhale kataoneka kang'ono bwanji. Ngati ndi chidule chomwe anthu anangozolowera pamene puloti inali tchire, malo ndi anu. Komabe ndikanakhala ine ndikanabweza khoma pang'ono, mita imodzi, kuti mayi wosenza ndowa adutse. Amene amatunga pa mjigowo ndi omwe adzathamange mukadzakuwa usiku, ndi omwe adzasonkhe moto pakadzagwa zovuta. Mukasiya mpatawo, zilembedwe kuti malowo akadali anu, mwangobwereketsa njira.

Kamodzinso: khoma lalitali kwambiri lotseka mbali zonse limabisa inu, komanso limabisa wakuba akalowa. Kutsogolo ndimakonda khoma lofika m'chifuwa, pamwamba zitsulo, kuti odutsa aziona pakhomo. Mabuloko otsala mumangire khola lolimba la nkhuku zija.

FUNSO: Bambo, ine mpanda ndinamanga ndekha ndi ndalama zanga. Tsopano aneba akufuna kukhomerera denga la khola la nkhumba pa khoma langa, akuti n'kuwononga njerwa kumanga makoma awiri ogundana. Ndikane bwanji osadana nawo?
Bambo a ku Bvumbwe, Thyolo

YANKHO: Achimwene, ngati khomalo lili mkati mwa malire anu, ndi lanu mbali zonse ziwiri, ndipo kukana si nkhanza. Auzeni chifukwa chenicheni: khoma la mpanda silinamangidwe kuti lisenze denga. Mphepo ikanyamula malata imakoka ndi khoma lomwe, madzi a padengalo azitsikira pa maziko anu, ndipo nkhumba imafukula ndi kukhukhuza pomwe yatsamira. Likadzagwa, lidzagwera ziweto zawo zomwe, mlandu n'kukhala wa nonse. M'malo okhala anthu mothithana, khonsolo ndi alangizi a zaumoyo amakhalanso ndi mawu pa za makola a nkhumba, ndiye ayambe afunsa kumeneko.

Pitani nokha madzulo, musatume ana kapena mayi a kunyumba. Apempheni amange khoma lawo, asiye mpata woti munthu n'kudutsa ndi tsache pakati. Ngati muli ndi njerwa zotsala, apatseniko zoyambira.