Mphepo idasasula khonde langa: ndigule malata okhuthala kapena ndisanjike miyala?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa ku Salima, ndipo ndangoifupikitsa. Akuti: "Nyumba yanga ndi ya zipinda zitatu, njerwa zowotcha koma zomangira dothi, yofolera ndi malata a 32 geji (geji ndi muyeso wa kukhuthala kwa lata). Mvula yoyamba ya chaka chatha idabwera ndi chimphepo n'kusasula mbali ya kukhonde. Malatawo tidakawatola m'munda mwa aneba, kalipentala n'kuwawongola n'kuwakhomanso. Pano ena akuti ndigule malata a 28 geji, ena akuti ndingosanjika miyala ndi matayala pamwamba. Ndalama ndili nazo ndi zochepa. Ndiyambire pati mvula isanayambe?"

Mayi, zikomo polemba nthawi ikadalipo, chifukwa ambiri timakumbukira denga mitambo itada kale. Yankho langa lalifupi ndi lakuti musathamangire kugula malata atsopano, ndipo za miyalazo zisiyeni. Ndalama zochepazo zipite ku waya, misomali yabwino ndi tsiku limodzi kapena awiri a mmisiri wodziwa ntchito. Madenga ambiri amene ndawaona atasasuka sadachoke chifukwa lata lidali lopyapyala. Adachoka chifukwa panalibe chowagwirira ku khoma.

Musanagule kanthu, takumbukirani zimene mudakatola m'munda muja. Kodi adali malata okhaokha, mabowo ake atang'ambika, misomali itatsala pamatabwa? Ndiye kuti lata lidavuuka pamitu ya misomali: misomali idali yochepa, kapena mitu yake idali yaing'ono, kapena dzimbiri lidadya m'mabowo. Kodi malata adauluka ndi misomali yake yomwe? Ndiye kuti thabwa silidagwire msomali: mwina lidafumbwa, mwina chiswe chidalidya mkati, mwina adakhoma lili laliwisi n'kuuma pambuyo pake. Koma ngati mudapeza malata ali chikhomere pamatabwa ake, chidutswa chonse chitagwa pamodzi ngati mmene chidalili pamwamba, vuto lili pamene mapaso amakumana ndi khoma, ndipo kugula malata okhuthala a 28 geji pamenepo ndi kungopatsa mphepo katundu wodula woti ikatulenso m'munda mwa aneba. Nyumba zofolera khonde pamodzi ndi denga lalikulu kawirikawiri zimagwa m'gulu lachitatuli.

Chifukwa chake ndi ichi. Ambiri timaganiza kuti mphepo imakankha denga, koma ntchito yake yaikulu ndi kulikoka m'mwamba. Ikagunda khoma imakwera n'kudutsa pamwamba pa malata ili paliwiro, ndipo pamenepo mpweya umapepuka kuposa wa m'nyumba, denga n'kuyamba kuyamwidwa. Mphepo ya makilomita 100 pa ola imatha kukoka ndi mphamvu yoyandikira makilogalamu 50 pa sikweya mita iliyonse, kunena kwake thumba la simenti lathunthu, koma lolozera kumwamba. Lata la 28 geji pa sikweya mita yomweyo silifika n'komwe makilogalamu 4. Mukaphatikiza ndi matabwa ake, kulemerako sikuyandikirabe. Denga la masikweya mita 60 likhoza kukokedwa ndi matani awiri kapena atatu. Ndipo liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Kukokaku sikufanananso paliponse: kumakula kwambiri m'makona, m'mphepete ndi pamsana pa denga. N'chifukwa chake denga limayamba kufunyuluka pakona, lata limodzi likatukuka mphepo n'kupeza polowera, otsalawo n'kutsatira.

Anthu akamva za madenga amaganiza za anamondwe a mayina, Idai amene adasasula mzinda wa Beira ku Mozambique mu Malichi 2019, kapena Chido wa mu Disembala 2024. Freddy wa mu 2023 adatipweteka kwambiri ndi madzi ndi zigumukire. Koma chaka ndi chaka, malipoti a kumayambiriro kwa dzinja a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amakhala odzaza ndi nyumba, matchalitchi ndi midadada ya sukulu zosasuka ndi mvula ya mphepo wamba, ija imabwera masana kutatentha mu Okutobala, Novembala kapena Disembala, n'kutha pa mphindi makumi awiri. Imeneyo ndiyo idakupezani. Kwanu kunyanjako kulinso mwera, umene umaomba miyezi yozizira. Mwera sumasasula madenga kawirikawiri, koma umagwedeza malata usana ndi usiku, misomali n'kumakwera pang'onopang'ono, mabowo n'kumakula. Mvula yoyamba imangodzamaliza ntchito imene mwera udayamba.

Tsono choyamba, ndipo ndichedwapo chifukwa ndi pamene pagona nkhani: kumanga mapaso kapena matrasi ku khoma. Lowani m'nyumba ndi tochi, ngati muli siling'i tsegulani kabowo kaja, muyang'ane pamene thabwa lililonse lakhala pakhoma. M'nyumba zambiri mupeza thabwalo langokhazikidwa pa njerwa n'kuzingidwa ndi dothi, kapena lamangidwa ndi kawaya kopyapyala kaja omanga amamangira zitsulo, katakulungidwa pa njerwa ya mzere woyamba kapena wachiwiri. Mphepo ikakoka, imanyamula thabwa, kawaya ndi njerwa ziwirizo limodzi. Njerwa zimenezo ndi zomwe zimagwera ana m'nyumba.

Chokonza chake sichifuna kuphwasula denga. Gulani waya wokhuthala wosachita dzimbiri, wa mamilimita 4, umene m'mashopu a hadiweya amati 8 geji. Pansi pa phaso lililonse, mmisiri awerenge mizere ya njerwa isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu kutsika, pafupifupi masentimita 60, aboole khoma pamzere wa dothi. Waya aupinde pawiri, aulowetse pabowolo, aukweze mbali zonse ziwiri za khoma, audutsitse pamwamba pa thabwa, kenako aupotokole ndi kachitsulo mpaka utakungika moti mukaukhudza uzilira. Waya wolendewera ndi chimodzimodzi palibe, chifukwa denga likayamba kudumphadumpha limaudula. Pabowopo aikepo kachidutswa ka chitsulo kopingasa kuti waya asamadye njerwa, ndipo pomaliza atseke ndi simenti. Achite zimenezi ku mapeto onse awiri a phaso lililonse, osadumphako ngakhale limodzi, makamaka a kumakona. Mukapeza chitsulo chopyapyala chonga lamba chija amati hoop iron, ndi chabwino koposa waya, chifukwa chimakhomedwa ndi misomali m'mbali mwa thabwa.

Chimene mukuchita apa ndi kubwereka kulemera kwa khoma. Denga palokha ndi lopepuka, koma likamangidwa ku mizere isanu ndi itatu ya njerwa, mphepo iyenera kunyamula zonsezo. Khoma lomangira dothi lili ndi malire ake, chifukwa dothi siligwira njerwa ngati simenti, n'chifukwa chake ndikuti mutsike ndithu, osanyengerera. Tsiku limene mudzasinthe denga lonse, mudzathire ring beam, lamba wa konkire wozungulira nyumba pamwamba pa makoma, waya kapena zitsulo zomangira denga n'kuzikwirira momwemo. Chivomerezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chitachitika, boma lidatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ndipo ring beam ndi kumangirira denga ku khoma zili m'gulu la mfundo zake. Zimandipweteka kuti m'midzi ndi m'matauni momwe, anthu timaponyera ndalama pa matailosi ndi penti, ring beam n'kuidumpha poti sioneka.

Chachiwiri ndi matabwa opingasa aja timakhomapo malata, akalipentala amati ma purlin. Ambiri amawalumikiza ku phaso ndi msomali umodzi wokhoma choimika, ndipo msomali wotere umazuka mosavuta poti mphepo imakoka njira yomweyo udalowera. Pamphambano iliyonse pakhale misomali iwiri yokhoma chopendeka, wina uku wina uku, kenako waya kapena kachidutswa ka hoop iron kokulunga matabwa onse awiri. Ngati simungathe denga lonse, chitani mizere iwiri ya kumunsi, mzere wa kumsana ndi mapaso awiri a kumapeto. Muli pomwepo, bayani thabwa lililonse ndi msomali kapena nsonga ya mpeni. Zikalowa ngati m'chinangwa chophika, thabwalo lichotseni. Paini wa ku Chikangawa kapena bulugamu zonse zimagwira ntchito zikakhala zouma ndi zopakidwa mankhwala a chiswe, ngakhale oyilo wakuda wa galimoto amathandizako. Onaninso kutalikirana kwake: pa malata opyapyala ngati anuwa, matabwawa asatalikirane kupitirira masentimita 60 mpaka 75. Akalipentala ena amawatalikitsa kupitirira mita pofuna kusunga matabwa, lata n'kumapuma ngati chifuwa mphepo ikamaomba. Kuwonjezera thabwa limodzi pakati kumunsi ndi kumsana sikudula.

Chachitatu, misomali ya malata. Musalole kuti akhomenso misomali yakale yowongola. Gulani ya mutu waukulu wonga ambulera, ya thupi lopotoka, chifukwa yosalala imazuka msanga. Ikhomedwe pamwamba pa funde la lata, osati m'ngalande modutsa madzi. Pakati pa denga, funde lachitatu lililonse ndi zokwanira. Koma mzere wa kumunsi, mzere wa kumsana ndi malata a kumapeto, khomani modumpha funde limodzi lokha, ndipo m'makona funde lililonse. Nsonga ikatulukira pansi pa thabwa, ipindidwe. Amene angakwanitse, masikuluwu okhala ndi kamphira pansi pa mutu amagwira kuposa misomali ndipo sadontha. Malata anu adawongoledwa, ndiye mabowo akale ndi otakasuka. Musakhomenso momwemo. Khomani pa funde loyandikana nalo, akalewo muwamate. Lata limene lang'ambika m'mphepete kapena ladyeka ndi dzimbiri lisakhale kukona. Lisunthireni pakati, kapena likafolere khola la nkhuku.

Tibwere ku khonde, poti ndi lomwe lidakuyambitsirani mavuto. Khonde ndi lotseguka pansi, choncho mphepo imalikankha chapansi uku ikulikoka pamwamba. Likakhala kuti malata ake ndi omwewo otsika kuchokera padenga lalikulu, likatukuka limafunyulula ndi chipinda chomwe. Njira yabwino ndi kulipatula: khonde likhale ndi kadenga kakekake kolumikizidwa ku khoma pansi pa denga lalikulu, kuti likapita lipite lokha. Ngati ndalama sizilola chaka chino, onetsetsani nsanamira. Zambiri zimangogwira ntchito yochirikiza, mtanda n'kungokhala pamwamba popanda chomangira. Mtanda umangidwe ku nsanamira ndi waya kapena bawuti, nsanamirayo ikhale yozikika mu konkire. Mbali zina za nyumba, denga lisatuluke kunja kwa khoma kupitirira masentimita 45, ndipo lata lisapitirire thabwa lomaliza ndi zala zoposa zinayi.

Mpata wa pakati pa khoma ndi malata utsekedwe ndi njerwa, omanga amati beam filling. Zitseko ndi mawindo zikhale ndi zotsekera zolimba. Pali chikhulupiriro chakuti mphepo ikabwera titsegule mawindo kuti idutse. Ayi, mayi. Chitseko cha mbali yochokera mphepo chikatseguka, mpweya umadzaza m'nyumba n'kumakankha denga chamkati pamene kunja likukokedwa kale. Tsekani zonse, ndipo ana muwachotse pafupi ndi makoma a kumapeto.

Za miyala ndi matayala ndikumvetsa chifukwa chake anthu amatero, ndipo sindikuwanyoza: ndi nzeru ya munthu amene waona kuti denga ndi lopepuka koma alibe ndalama. Koma bwererani ku chiwerengero chija. Kuti miyala ilimbane ndi mphepo yeniyeni, pafunika yolemera ngati thumba la simenti pa sikweya mita iliyonse, ndipo matabwa anu sangapirire. Miyala khumi imangoletsa phokoso. Pansi pake pamasonkhana zinyalala ndi chinyezi, lata n'kuchita dzimbiri, matayala n'kusunga madzi oswanirana udzudzu. Ndipo tsiku limene denga lidzatukuke, mwala uja udzatsikira pamene pagona munthu.

Nanga 28 geji? Ndi malata abwino, ndipo pa geji nambala ikachepa lata limakhuthala: 28 aposa 30, 30 aposa 32. Sang'ambika msanga pamisomali ndipo amakhalitsa. A IBR, a mizere ya makona aja, ndi olimbanso poyerekeza ndi a mafunde wamba. Koma chichepetsereni mphamvu kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa malata si wamasewera, ndipo sindingauze mphunzitsi kuti atenge ngongole ya katapila chifukwa cha chinthu chimene chili chachinayi pamndandanda. Mukapeza kangachepe, gulani ochepa oti mukaike m'makona ndi kukhonde, bola mafunde ake agwirizane ndi akalewo. Pogula musangokhulupirira mawu a wogulitsa. Onani chidindo pa latalo, ndipo linyamuleni muyerekeze ndi lina, chifukwa pamsika pamapezeka malata otchedwa 28 amene dzanja limakana. Mukamadzamanga ina, denga la mbali zinayi lotsetsereka bwino, pafupifupi madigiri 30, limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo la mbali imodzi logona ndi lomwe limasasuka msanga.

Ntchitoyi ichitike mu Ogasiti kapena Seputembala, m'mawa mphepo isanadzuke ndi malata asanatenthe, ndipo wokwera aziponda pamzere wa misomali pamene pali thabwa pansi. Tsiku limenelo mukhalepo, mayi, ngakhale kutanthauze kupempha chilolezo kwa ahedi. Mugwirizane ndi mmisiri kuti malipiro omaliza mupereka mutawerenga limodzi mawaya onse ndi tochi, phaso ndi phaso, asanamate mabowo ndi simenti.