Zala zauma atandichotsa chikhakha

FUNSO: Ndinagwa pa njinga ya kabaza n'kuthyoka fupa la pamkono pafupi ndi dzanja. Chikhakha anandichotsa, koma zala zikukanika kupinda moti ngakhale kutema mbamu ya nsima kukundivuta. Kodi ndapunduka? Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu.

YANKHO: Mayi, musataye mtima. Fupa la pamalo amenewa limalumikizana pakatha masabata pafupifupi 6, ndipo poti nthawi yonseyo dzanja limakhala lomangika, mfundo zimauma ndipo minofu imafooka. Mphamvu zimabwerera pang'onopang'ono, nthawi zina pakatha miyezi ingapo.

Pemphani kalata yokaonana ndi a fiziyo ku Mzuzu Central Hospital kuti akuphunzitseni mafizo oyenera. Kunyumba muziviika dzanjalo m'madzi ofunda, osati otentha, kenako muzifumbata ndi kutambasula zala kangapo patsiku, ndipo likatupa muziligoneka pa pilo pokwererapo kuposa chifuwa. Kusenza ndowa ndi kusinja kuyambe kwadikira, ngakhale tikudziwa kuti ntchito zapakhomo sizimva zimenezo.

Koma zala zikamachita dzanzi, makamaka chala chachikulu ndi chamkombaphala, kapena ululu ukamakula, bwererani kuchipatala msanga chifukwa mwina mtsempha wapanikizika, vuto lomwe nthawi zina limafuna opaleshoni.