Kudina, kukhudza kapena kupalasa? Mafunso anu pa mawu a foni zopanda mabatani

Makalata ambiri amene afika ulendo uno akuzungulira pa foni, tabuleti ndi makina ena amene timawalamula ndi chala pagalasi. Ndasankhapo angapo, ndipo ena ndawadulako kuti akwane.

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimathandiza anthu achikulire kuzolowera foni zamakono. Ndikawauza kuti "khudzani apa", iwo amayankha kuti "ndadina". Pagalasipo palibe batani, nanga akudina chiyani? Kodi ndiziwakonza?

YANKHO: Musawakonze ayi, akulankhula Chichewa chabwino. Kudina ndi kukanikiza chinthu ndi nsonga ya chala mpaka chilowe kapena chisiye chizindikiro, ndipo kwa zaka zambiri ndi mmene anthu ankalankhulira ndi foni, wailesi ndi makina owerengetsera. Chala chidaphunzira ntchito imeneyi, pakamwa nkuipatsa dzina. Makina asintha, koma pakamwa sipathamanga liwiro la fakitale. Kwa munthu wa lero, "kudina" kwakula tanthauzo: ndi kusankha chinthu ndi chala, kaya chilowa kaya sichilowa.

Muwamverenso chisoni achikulirewo, chifukwa magalasi oyamba amene ambiri adakumana nawo ankafunadi mphamvu. Nzeru yakuti galasi lizizindikira chala ndi yakale ndithu. E.A. Johnson adailemba mu 1965 ali ku Malvern m'dziko la England, ndipo cholinga chake chidali kuthandiza oyang'anira kayendedwe ka ndege. Koma zipangizo zimene zidafika m'manja mwa anthu wamba, monga foni ya IBM Simon ya mu 1994 ndi PalmPilot imene idabwera pambuyo pake, zidali ndi galasi la mtundu wina, la timapepala tiwiri tosanjikizana. Timapepalato tinkayenera kugundana kuti makina adziwe pamene mwaloza, ndiye munthu ankakanikiza, kawirikawiri ndi kamtengo kosongoka kamene kankabwera ndi chipangizocho. Pamenepo "kudina" kudali kudina kwenikweni. Galasi lofuna kungokhudzidwa lidafala kuyambira mu 2007, pamene iPhone idatuluka, kenako mafoni a Android kuyambira mu 2008.

Ngakhale opanga mafoniwo sadasiye mabatani tsiku limodzi, poti ankadziwa kuti chala cha wogula chikufunafunabe pokanikiza. Pagalasi ankajambulapo zithunzi zooneka ngati mabatani enieni, zotukuka, zokhala ndi mthunzi m'mbali, ndipo kampani ya Apple idazisalaza mu 2013 itaona kuti anthu azolowera. Pagalasi la iPhone yoyamba padalembedwa ndithu mawu ouza munthu kuti akokere chala kumanja kuti foni itseguke, chifukwa popanda mawuwo ambiri akadangoiyang'ana. Foni yoyamba ya Android idali ndi kiyibodi ya mabatani yobisika kunsi kwa galasi. BlackBerry Storm ya mu 2008 idafika popanga galasi lonse kuti lizilowa pansi munthu akalikanikiza, kuti chala chimve kuti chadina. Batani lozungulira la m'munsi lidakhala pa iPhone iliyonse kwa zaka khumi, mpaka iPhone X ya mu 2017, imene idali yoyamba kutuluka yopanda batanilo. Mpaka lero mafoni ambiri amanjenjemera pang'ono mukamalemba, ndipo kunjenjemerako ntchito yake ndi kunamiza chala kuti chagunda batani. Ngati akatswiri adapita nawo pang'onopang'ono chonchi, inu mukuthamangira kuti ndi agogo?

Pali malo amodzi okha pamene ndikufuna musiyanitse mawu, chifukwa kusasiyanitsa kumasokoneza ntchito. Foni imawerenga nthawi imene chala chakhala pagalasi. Chala chikangofika nkuchoka, pulogalamu imatseguka. Chikakhalitsa, foni imatulutsa zina: kufufuta, kusuntha, kukopera. Wozolowera mabatani olimba amakhazika chala mwamphamvu ndi kudikira, ndiye amadabwa kuti foni yachita zimene sadaitume. Kwa wotere nenani kuti "khudzani nkuchotsa chala msanga", ndipo pa chinacho nenani kuti "dinani osachotsa chala". Akagwira kusiyana kumeneku, muwasiye azitchula mmene akufunira.

FUNSO: Polemba nkhani ndidafuna kutchula foni yopanda mabatani. Ndidalemba "foni yokhudza", mnzanga akuti ndilembe "foni yokhudzidwa", wina akuti "yokhudzika". Cholondola ndi chiti?

YANKHO: Mwa zitatuzi palibe chimene chikundikhalira bwino m'khutu, ndipo vuto lagona pa mneni "khudza", amene adasenza kale katundu wambiri. Timati "nkhani yokhudza maphunziro", kutanthauza nkhani ya maphunziro. Choncho wowerenga akaona "foni yokhudza" amadikira kuti mumalize: yokhudza chiyani? Mawu aima panjira. Komanso mwapanga foni kukhala yochita, chonsecho wokhudza ndi munthu.

"Yokhudzidwa" ndiye yoseketsa. Wokhudzidwa ndi munthu amene mtima wake wagwidwa ndi chisoni, kapena amene dzina lake latuluka pa mlandu. "Foni yokhudzidwa" ikumveka ngati foni imene apolisi aigwira kuti ikhale umboni. "Yokhudzika" ili bwino pa malamulo a chiyankhulo, chifukwa mphatikiri -ik- kapena -ek- amasonyeza kuti chinthu nchotheka kuchitika, monga "chooneka", "chodyeka". Koma foni iliyonse ndi yokhudzika, ngakhale ya mabatani, ndiye mawuwa sakusiyanitsa kanthu.

Anthu pocheza amati "foni ya tachi", ndipo aliyense amamva. Mu nkhani wamba lembani choncho popanda manyazi. Mawu obwereka akavala malembo athu ndi kumvera malamulo athu, ndi athu. Ngati mukulemba kalata ya ku ofesi kapena buku la sukulu ndipo mukufuna mawu a pansi pano, fotokozani ntchito: "foni yoyendetsa ndi chala pagalasi". Ndi yayitali, inde, koma mukaitchula kamodzi koyambirira mukhoza kumangoti "foniyo". Ine ndimakondanso "foni yopanda mabatani", poti imasonyeza kumene tachokera, ngakhale m'mbali mwake mudakali timabatani ta mawu ndi koyatsira.

FUNSO: Mayi anga amati "tandipalasire zithunzizo ndione". Ana anga amaseka, akuti ndi "kuswayipa" ndi "kusikirola". Ndiime mbali iti? Ndipo mawu a anawo amalembedwa bwanji?

YANKHO: Imani ndi mayi anu, ndipo anawo muwauze kuti agogo awo awaposa. Yang'anani chala cha munthu amene akufufuza chithunzi m'foni: chimagwa pagalasi, nkukankha, nkudzuka, nkubwereranso pomwe chidayambira, monga mwendo wa nkhuku imene ikupalasa. Mneni ameneyu ali nazo zonse, kukhudza pamwamba chabe, kukankha, ndi kubwereza. Palibe komiti imene idakhala pansi kuti iwapatse mawu amenewa. Adaona chala chikuyenda nkutenga mneni amene adali naye kale. Chiyankhulo chamoyo chimagwira ntchito motero. Ubwino wina ndi wakuti "palasa" amalandira aphatikiri athu onse mosavuta: kupalasira munthu, kupalasitsa, kupalasapalasa usiku wonse osagona. Mawu otsirizawa ndi chidzudzulo chokwanira pa chizolowezi chimene ambirife tili nacho.

Mawu a anawo sindikuwathamangitsa. Ali ndi phindu lake, chifukwa amasiyanitsa zinthu ziwiri zimene "kupalasa" kumaziphatikiza. Kuswayipa ndi kukankha kamodzi, mwachangu, kuti tsamba lichoke kapena foni iyankhidwe. Kusikirola ndi kuyendetsa tsamba lalitali kuti muone za m'munsi. Amene akulemba malangizo angathe kunena kuti "palasirani kumanzere", "palasirani m'mwamba", ndipo kusiyanako kwatuluka popanda kubwereka.

Za kalembedwe, kumbukirani zinthu zitatu zimene Chichewa chimachita ndi mneni wachilendo. Chimamumalizira ndi -a. Chimalowetsa lembo laliwu pakati pa malembo opanda liwu amene lilime lathu silikonda kuwalumikiza, nchifukwa chake timalemba "sikirini" ndi "kusikirola". Chachitatu ndi lamulo la l ndi r, lakuti r amabwera pambuyo pa i kapena e, pomwe l amakhala pena paliponse. Onani "kusikirola": pambuyo pa i pali r, pambuyo pa o pali l. Onaninso "pulogalamu", mmene mulibe r ngakhale mmodzi. Ambiri amalemba mosakaniza, ndipo m'mauthenga a pafoni palibe amene angakugwireni, koma mkonzi wa nkhani ayenera kusamala.

Pali kayendedwe kena ka zala kamene dzina lake silidakhazikike, kaja koika zala ziwiri pachithunzi nkuzitalikitsa kapena kuziyandikitsa. Kadafala ndi iPhone ya mu 2007, ndipo poyamba anthu ankachita kuonetsedwa. Ena amati "kuzuma". Ine pophunzitsa ndimati "tambasulani zala kuti chikule, tsinani kuti chichepe", ndipo sindidaone amene adasokonezeka.

FUNSO: Ndikumasulira mawu a mu apu, pulogalamu ya pafoni. Ndilembe "Dina apa" kapena "Dinani apa"? Malo pagalasi ndi ochepa.

YANKHO: "Dinani". Apuyo simukudziwa amene adzaitsegule, ndipo munthu wosamudziwa timamulemekeza. Malembo awiri owonjezerawo sadzaza galasi. "Dina" amamveka ngati mukulamula mwana, ndipo wachikulire amene akuopa kale makinawo akaona kuti akumukalipiranso, amangowatula pansi. Mukafuna kufewetsa onjezani ta- kutsogolo, "tadinani apa", ngakhale pa batani zimenezi nzosafunika kwenikweni. Ngati pali mawu amodzi okha otchula ntchito ya batanilo, mukhoza kusankha pakati pa "Tumizani" ndi "Kutumiza", koma mukasankha chimodzi khalani nacho mu apu yonse. Samalaninso mukalowetsa mlowam'malo wa chinthucho, chifukwa mathero amasintha: ndi "lidineni" ponena za batani, ndi "chikhudzeni" ponena za chithunzi. "Lidinani" ndi cholakwika.

FUNSO: Mwana wanga adati "foni siikumva chala". Foni ili ndi makutu?

YANKHO: Ilibe, komanso amene akumva kuzizira, kumva fungo kapena kumva kuwawa sagwiritsa makutu. "Kumva" m'Chichewa ndi kulandira uthenga kudzera m'thupi, ndiponso kumvera. Mwanayo wagunda zonse ziwiri nthawi imodzi. Walondolanso pa kagwiridwe ka makinawo. Galasi la foni za lero lili ndi timizere tosaoneka tosunga mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, ndipo chala, poti thupi la munthu limadutsa magetsi, chimasintha mphamvuyo pamalo pamene chafika. Foni imazindikira kusinthako, mphamvu ya kukanikiza ilibe nayo ntchito. Nchifukwa chake chikhadabo chachitali, pensulo kapena chala chovala magolovesi wamba sizimveka, pomwe madontho a madzi amatha kuisokoneza nkumachita zinthu ngati yakhudzidwa. Ikasiya kumva, pukutani galasi komanso chalacho musanayambe kulimbana nayo.

FUNSO: Popeza zonse zikupita pagalasi, kodi mawu akuti "batani" sadzatha? Ndipo timati "batani iyi" kapena "batani ili"?

YANKHO: Timati "batani ili", "batani lofiira", "mabatani awa". Lili m'gulu limodzi ndi "dengu" ndi "madengu". "Foni" ndi "sikirini" ndiye zimatenga i: "foni yanga yagwa", "sikirini yasweka". Pochulukitsa, ena amati "foni zanga", ena "mafoni anga", ndipo zonse nzovomerezeka malinga ngati simusakaniza nkunena kuti "mafoni zanga".

Zakuti dzina la batani lidzatha, sindikuziona. Choyamba, dzinali lidasamukira kale pagalasi. Kabokosi kojambulidwa kolembedwa kuti "Tumizani" aliyense amakatcha batani. Chachiwiri, ogula sadavomere chilichonse chimene adapatsidwa. Mu 2012 Microsoft idatulutsa Windows 8, yokonzedwera chala, ndipo idachotsa batani la Start limene anthu adalizolowera kuyambira mu 1995. Ogwiritsa ntchito makompyuta a mausi ndi kiyibodi adadandaula kwambiri, ndipo chaka chotsatira batanilo lidabwezeretsedwa mu Windows 8.1. M'magalimoto nkhani ndi yomweyo, koma yoopsa kuposa apa. Batani lenileni dalaivala amalipeza ndi chala maso ali pamsewu, pomwe galasi losalala limafuna kuti aliyang'ane. Bungwe la Euro NCAP, loyesa chitetezo cha magalimoto ku Ulaya, lidalengeza kuti kuyambira mu 2026 galimoto izitaya mamalikisi ngati hutala, ma indiketa, zopukutira galasi lakutsogolo, magetsi ochenjeza za ngozi ndi poitanira chithandizo zilibe mabatani kapena timitengo togwirika.

Anthu osaona nawo adali ndi chifukwa chomveka chokayikira galasi, chifukwa pa foni ya mabatani chala chinkawerenga chokha, poyambira pa kachiphuphu kamene kamakhala pa nambala 5. Adayamba kulowa bwino m'foni za tachi pamene zidaphunzira kulankhula, kudzera mu VoiceOver imene idafika pa iPhone mu 2009 ndi TalkBack ya pa Android. Mukayatsa zimenezi, kukhudza kamodzi kumangotchula dzina la chimene chala chafikapo, ndipo kuti chitseguke mumagogoda kawiri. Womasulira malangizo a anthu amenewa asasakanize "khudzani" ndi "gogodani kawiri", chifukwa wowerengayo alibe chithunzi choti chimuwongole mawu akamusokeretsa.