Funsani za makompyuta: Ndagula bokosi lowonjezera madisiki pa NAS, ndiphatikize kapena ayi?

Funso: A Mkonzi, ine ntchito yanga ndi yojambula mavidiyo ndipo ndimasunga zonse pa NAS (bokosi losungiramo mafayilo pa netiweki) ya Synology DS920+ yokhala ndi madisiki anayi a 8TB pa SHR (njira ya Synology yogwirizanitsira madisiki kuti imodzi ikafa deta isatayike). Pano yadzadza mpaka ikungondichenjeza tsiku ndi tsiku. Ndagula bokosi lowonjezera madisiki la DX517 ndi madisiki ena asanu a 8TB koma sindinalumikize. Mnzanga wina akuti ndingophatikiza onse akhale malo amodzi aakulu kuti ndisamavutike ndi mafoda awiriawiri. Ndimvere zimenezo? Nanga bokosili limafuna chisamaliro chanji? Wojambula mavidiyo.

Yankho: Zikomo kwambiri polemba musanalumikize, chifukwa ambiri amafunsa zinthu zitalakwika kale. Yankho langa ndi loti ayi, musaphatikize. Pangani storage pool (gulu la madisiki ogwira ntchito ngati malo amodzi) yachiwiri ya madisiki asanu a mu DX517 okhaokha, yakale ija muisiye momwe ilili.

Mnzanuyo sakunama kuti zimatheka, DSM, pulogalamu yoyendetsa NAS ya Synology, imalola ndithu, ndipo mumapindulako malo. Madisiki anayi a 8TB pa SHR amakupatsani pafupifupi 24TB chifukwa malo a disiki imodzi amapita ku chitetezo. Mukaphatikiza onse 9 mupeza 64TB, mukawasiyanitsa mupeza 24TB kuno ndi 32TB uko, zonse 56TB. Ndiye kusiyana kwake ndi 8TB basi. Koma taonani chomwe mukuika pachiswe chifukwa cha 8TB imeneyo. DX517 ilibe nzeru zake zokha, siigwira ntchito payokha, imangodalira chingwe chimodzi cha eSATA chopita ku NAS, ili ngati ngolo yomangirira ku galimoto ndi chitsulo chimodzi. SHR yanthawi zonse imapirira disiki imodzi yokha ikafa, SHR-2 kapena RAID 6 imapirira awiri, tsono chingwe chija chikazuka, kaya mwana wachikoka kaya mumasesa kuseri kwa tebulo kaya gawo la magetsi la bokosilo lapsa, NAS imaona ngati madisiki asanu afa nthawi imodzi ndipo pool yonse imagwa, ndi mavidiyo akale omwe amene anali bwinobwino mu bokosi loyamba lija. Pena zimabwerera mukalumikizanso, koma pena ayi makamaka ngati panthawiyo imalemba deta, ndipo sindingafune kuti ntchito ya makasitomala anu idalire mwayi. Pamene pool zili ziwiri, chingwe chikazuka yachiwiri yokha ndiye imasowa, NAS yanu ikupitirizabe kugwira ntchito.

China chimene anthu sachidziwa n'choti mukangophatikiza palibenso kubwerera m'mbuyo. DSM siilola kuchotsa madisiki mu pool kuti ichepe, ndiye tsiku lomwe mudzafune kusiya DX517 mudzayenera kukopera zonse kwina, kufufuta pool n'kuyambiranso. Komanso disiki ikafa pa gulu la 9, kukonzanso kumawerenga madisiki ena onse 8 kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo nthawi imeneyo ndi imene disiki yachiwiri yotopa imakonda kugonja.

Za mafoda awiri zisakudetseni nkhawa, kwa munthu wa mavidiyo zimathandizanso. Ntchito imene mukuikonza panopa ikhale mu NAS, yomwe mwamaliza ipite mu DX517. Pajatu madisiki asanu onse aja amadutsira m'chingwe chimodzi, ndiye si malo abwino oikamo zinthu zofuna liwiro. Mapulogalamu a NAS nawonso asiyeni pa volume yoyamba, ya mu NAS momwemo.

Kulumikiza kwake n'kosavuta. Zimitsani NAS, ikani madisiki m'matileyi, lumikizani chingwe chimene chinabwera ndi bokosilo osati china chotola, ndipo mangani tizitsulo ta m'mbali mwa chingwecho mpaka tilimbe. Mukayatsa NAS, bokosilo limayaka lokha ndipo limazimanso limodzi nayo. Kenako tsegulani Storage Manager mu DSM, pangani pool yatsopano, pa mtundu wa kasungidwe ka mafayilo musankhe Btrfs, ndipo muilole iyeze madisiki mpaka imalize olo zitenge nthawi yaitali musanayambe kuthiramo mafayilo. Muonenso pa madisiki munagulawo kuti ndi a CMR osati SMR, zimene ndi njira ziwiri zolembera deta pa disiki. Mu 2020 panali phokoso lalikulu zitadziwika kuti madisiki ena a WD Red anali a SMR, amene amachedwa kwambiri pool ikamakonzedwanso. WD Red Plus ndi Seagate IronWolf ndi a CMR.

Pa chisamaliro, chachikulu ndi magetsi. Mabokosi onse awiri akhale pa UPS (batire yothandiza magetsi akathima) imodzi, ndipo chingwe cha USB cha UPS chilowe mu NAS kuti batire ikamatha iziteteze yokha. Ena amaika NAS yokha pa UPS n'kuiwala bokosi lowonjezera, ndiye magetsi akathima NAS ikuyakabe koma madisiki asanu asowa mwadzidzidzi, chimodzimodzi kuzula chingwe. Ikani ndandanda ya SMART yoyeza thanzi la madisiki, yachidule mwezi uliwonse ndi yaitali pakapita miyezi ingapo, komanso data scrubbing kuti zolakwika zobisika zipezeke msanga. Yatsani mauthenga a imelo kuti disiki ikayamba kudwala mudziwe tsiku lomwelo. Fumbi la pa mafani muzilichotsa bokosi litazima, ndipo musaligunditse kukhoma.

Ndikupempheninso chimodzi, musaitenge DX517 ngati backup yokwanira. Ili m'chipinda chomwecho, pa magetsi omwewo, ndiye moto, mbala kapena ransomware (pulogalamu yoipa yotseka mafayilo n'kufuna ndalama) zikhoza kutenga zonse pamodzi. Mavidiyo amene simungawajambulenso akhale ndi kope lina kwina, pulogalamu ya Synology ya Hyper Backup imatha kutumiza ku disiki yakunja, ku NAS ina kapena pa intaneti.

Funso: Ndikufuna kugula DS925+, ndipo pali munthu akundigulitsa DX517 yogwiritsidwa kale ntchito motchipa. Zigwirizana?

Yankho: Ayi, ndalama zanu zisungeni kaye. DS925+ inatuluka mu 2025 ndipo ilibe polowetsa eSATA, imagwiritsa ntchito DX525 yolumikiza ndi USB-C. Mabokosi amenewa sagwirizana ndi NAS iliyonse olo kampani ikhale yomweyo, ndiye musanalipire yang'anani mndandanda wa zipangizo zogwirizana pa tsamba la Synology, ndipo muonenso madisiki amene DS925+ imavomereza. Komanso poti NAS simunagule n'komwe, yambani ndi madisiki aakulu m'malo anayi amenewo, bokosi lowonjezera mudzaliganizire akadzadza.