Mmisiri akufuna ndalama yotsala, koma nyumba ikudontha

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwa Chimwala kuno ku Mangochi. Amuna awo ali ku Joni, amatumiza ndalama pa Mukuru, ndipo mayiwa ndi amene akuyang'anira ntchito yomanga nyumba ya zipinda zitatu. Anagwirizana pakamwa ndi mmisiri K2,400,000 ya ntchito ya manja yokha, zipangizo azigula okha. Apereka kale K1,800,000. Mvula yoyamba itagwa denga linadontha malo anayi, pulasitala wa pabalaza akuyoyoka ukamukanda ndi chikhadabo, ndipo pamwamba pa zenera lina patuluka mng'alu. Mmisiri akufuna K600,000 yake, akuti akapanda kulandira akasuma kupolisi. Funso lawo n'lakuti: amupatse kapena amukanize?

Mayi, musamupatse yonse, komanso musamumane yonse. Ndalama yoti mugwire ndi yokwanira kukonzera zimene zalakwika basi, ndipo chiwerengero chimenecho panopa simukuchidziwa, iyenso sakuchidziwa. Mukukangana mumdima nonse awiri.

Ndiyambe ndi funso limene mwina silikusangalatsani. Simenti ankagula ndani? Mwanena kuti inuyo. Pulasitala woyoyoka kawirikawiri amabwera chifukwa cha zinthu zitatu: simenti kuchepa, mchenga wosalala kwambiri kapena wa dothi, ndi kusathirira madzi. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limayenera mawilibala awiri kapena atatu a mchenga, osapitirira pamenepo. Ngati mmisiri anapempha matumba 40 inu n'kugula 25 ponena kuti zinthu zakwera, ndiye kuti mlanduwo mwagawana. Koma ngati munagula onse amene anapempha, tengani malisiti muwerenge, kenako mumufunse kuti analowa pati. Matumba ena amatuluka pasaiti madzulo panjinga, tonse timadziwa.

Za madzi ndiye anthu amaziiwala kwambiri. Pulasitala amafuna kuthiriridwa masiku osachepera 7 kuti alimbe. Ndi dzuwa la kuno la mu Okutobala, khoma limene lapakidwa m'mawa limakhala litauma gwa pofika masana, simenti isanagwire. Kodi munapangana kuti wothirira ndani? Ambiri sitipangana. Mmisiri amaganiza kuti ana a pakhomo athirira, mwini nyumba amaganiza kuti ndi ntchito ya aganyu.

Mng'alu wa pazenera ndi umene ukundidetsa nkhawa kuposa zonse. Pali ming'alu yonga tsitsi imene ili pa pulasitala pokha, imeneyo ndi yomata n'kuiwala. Koma ngati ukuyambira pakona ya zenera n'kumakwera chopingasa, ndipo ukuoneka mkati ndi kunja komwe, ndiye kuti lintala, mtanda wonyamula khoma pamwamba pa zenera, ndi yofooka kapena maziko akusuntha. Madera ena a kufupi ndi Malombe ndi m'mbali mwa Shire ali ndi dothi la makande, limene limafufuma mvula ikagwa n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo maziko osazama salimba pamenepo. Lembani mzere ndi pensulo pamene mng'aluwo wathera, mulembe tsiku, mujambule pafoni. Pakatha masabata awiri kaoneninso ngati wadutsa mzerewo.

Denga nalo funsani kaye: anakhoma ndi mmisiri yemweyo kapena kalipentala wina? Ngati misomali anaikhoma m'ngalande za malata m'malo mwa pamsana, kapena malata sanalowane mokwanira, ndi vuto la wokhomayo, ndipo kukonza kwake sikudula kwenikweni.

Tsopano pezani mmisiri wina amene si mnzake wa mmisiri wanuyo komanso si m'bale wanu, makamaka wokhala ndi pepala la trade test, losonyeza kuti anakhoza mayeso a ntchito yake. Mukhozanso kufunsa ku ofesi ya zomangamanga ku khonsolo ya boma kuti akulozereni munthu. Mulipireni kangachepe, ayendere nyumba yonse mmisiri wanuyo ali pomwepo, ndipo alembe papepala cholakwika chilichonse ndi mtengo wokonzera. Tinene kuti yakwana K250,000. Imeneyo gwirani, K350,000 yotsalayo mupatseni mmisiri wanuyo. Kumbukirani kuti kumbuyo kwake kuli anyamata amene ankakanya matope ndi kutunga madzi, nawonso akumulondalonda. Munthu amene walandirako kanthu amabwerera kudzakonza. Amene wamanidwa zonse amangozimitsa foni.

Mpatseni mpata woyamba wokonza yekha, chifukwa kukhoti adzakufunsani ngati munatero. Lembani kalata yachidule m'Chichewa kapena m'Chiyao: zokonza ndi izi, pofika tsiku lakuti, akamaliza alandira zakuti, akalephera ndalamayo ilipira mmisiri wina. Musayine nonse pamaso pa mboni ziwiri. Ine ndikanaitana a mfumu kapena nduna yawo, ndipo ngati mumapemphera mzikiti umodzi kapena tchalitchi chimodzi, a shehe kapena a mkulu wa mpingo amathandiza kwambiri, poti munthu amachita manyazi kunama pamaso pawo.

Za kupolisi zisakusowetseni tulo. Kusagwirizana pa malipiro a ntchito si mlandu wa upandu, ndipo apolisi si otolera ngongole. Mukaitanidwa pitani ndi mapepala anu, mufotokoze modekha. Chimene chingakulowetseni m'mavuto ndi kulanda zida zake, kumutsekera wilibala ndi levulo m'nyumba, kapena kumutumizira achimwene anu kuti akamuopseze. Musamunyozenso pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp, chifukwa nkhani ya pulasitala ingasanduke ya kuipitsa mbiri ya munthu.

Zikakanika kwa a mfumu, khoti la majisitireti ku boma lilipo, ndipo a Legal Aid Bureau amathandiza amene sangathe kulipira loya. Pangano la pakamwa limagwira ntchito pamalamulo, vuto lake ndi umboni basi. Choncho musafufute mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, ngakhale mavoisi a pa WhatsApp amene munkakambirana za mtengo. Lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti ndi pa mafoni limalola mauthenga otere kukhala umboni. Ena akuuzani za NCIC, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 kuti liziyang'anira makontilakitala, lomwe tsopano linasanduka Construction Industry Regulatory Authority (CIRA). Limaluma kwa amene analembetsa, koma amisiri ambiri a m'midzi mwathu sali m'kaundula wake.

Chinanso, lankhulani ndi bambo a kunyumba mugwirizane kuti wolankhula ndi mmisiri akhale mmodzi. Ndaonapo kangapo mayi atagwira ndalama kuno, mmisiri n'kuimbira bambo ku Joni usiku kudandaula, m'mawa ndalama yalowa kale pafoni yake. Bambowo nyumbayo amangoiona pazithunzi, ndipo pachithunzi sipadontha.

Akakonza, musapereke yonse tsiku lomwelo. M'makontilakiti akuluakulu amasunga 5 kapena 10 peresenti kwa miyezi ingapo kuti aone ngati ntchito yalimba, ndipo inunso lembani zimenezi m'kalata ija. Sungani K120,000 mpaka mvula ya mu Malichi itadutsa, denga ndi mng'alu uja muzione kaye.