Anapita kuti olemba za nyimbo za classical?

Mayi wina wokhala ku Manchester wandilembera imelo. Akuti mwana wawo akuphunzira violin, ndiye anatengana kukamvera orchestra, gulu lalikulu loimba nyimbo za classical ndi zida zosiyanasiyana. Holo inali yodzaza, anthu anaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa, koma kutacha anasanthula nyuzipepala osapezamo ngakhale kamzere kamodzi. Akufunsa kuti, kodi nyimbozi zikufa?

Ayi mayi, sizikufa. Lomwe ladwala ndi thumba la nyuzipepala.

Mwafunsira mumzinda woyenera. Orchestra ya Hallé yakhala ikuimba kumeneko kuyambira 1858, ndipo nyuzipepala ya Manchester Guardian inali ndi Neville Cardus, munthu yemwe masana ankalemba za cricket, usiku n'kukakhala m'holo kumvetsera nyimbo kuti aziunike. Kale ntchito imeneyi inali ya akuluakulu. Hector Berlioz, wopeka nyimbo wa ku France, ankadyera momwemo, kulembera nyuzipepala ya Journal des débats kwa zaka pafupifupi 30. George Bernard Shaw asanatchuke ndi zisudzo ankaunika nyimbo mu The Star ku London, atadzibisa ndi dzina loti Corno di Bassetto.

Amene ankalipira anthu oterewa sanali owerenga okha. Ndalama zambiri zinkachokera kwa otsatsa malonda, makamaka timalonda ting'onoting'ono ta nyumba zalendi, magalimoto ndi mwayi wa ntchito. Intaneti itabwera, timalondato tinasamukira pa masamba ngati Craigslist, otsatsa akuluakulu n'kuthamangira ku Google ndi Facebook. Mkonzi akauzidwa kuti achepetse antchito sayambira kwa wolemba za ndale kapena za mpira.

Chachiwiri n'chomwe chimandipweteka ine. Nyuzipepala ya pepala inkagulidwa yathunthu, ndipo palibe ankadziwa kuti tsamba liti lawerengedwa. Pa intaneti nkhani iliyonse imawerengeredwa anthu omwe ayitsegula. Nanga nkhani ya phwando la nyimbo lomwe linachitika usiku umodzi, latha, silibwereranso, aitsegule ndani? Oimbawo, abale awo, ndi inu amene munalipo. Filimu ikaunikidwa lero, munthu atha kukaionera mawa. Apa pokha wounika nyimbo za m'holo wagonja mpikisano usanayambe.

Ku America zikuoneka poyera. Mu 1971 Harold Schonberg wa The New York Times analandira mphoto ya Pulitzer chifukwa chounika nyimbo. Pofika 2016 The Boston Globe inachita kulandira thandizo la mabungwe, kuphatikizapo Rubin Institute for Music Criticism, kuti ilembe ntchito wounika nyimbozi. Mizinda yambiri yomwe ili ndi orchestra zabwino lero ilibe mtolankhani wa ntchito yokhayi.

Olembawo sanasowe, anangosamuka. Yang'anani The Arts Desk, tsamba lomwe atolankhani a zaluso anayambitsa ku London mu 2009, kapena Bachtrack. Magazini ya Gramophone, yomwe inayamba mu 1923, ikutulukabe, ndipo Alex Ross wakhala akulembera The New Yorker kuyambira 1996. Vuto ndi loti kumasamba amenewa kumapita munthu amene amazikonda kale. M'nyuzipepala munthu ankakumana ndi dzina la wopeka nyimbo ngati Mahler mwangozi, akufunafuna zotsatira za mpira.

Palinso china. Orchestra iliyonse tsopano imadzilengeza yokha pa Facebook ndi Instagram, koma palibe gulu lingalembe kuti dzulo tinaimba mozizira, wotsogolera anathamangitsa nyimbo. Zimenezo ankanena ndi wounika, munthu wosadya nawo, yemwe wamva gulu lomwelo zaka 20 ndipo akudziwa pomwe latsika. Nthawi zina ankalakwitsa, ena anali amwano ndithu, koma oimba ankadziwa kuti m'holomo muli khutu losanyengereka.

Mwana wanuyo mukapita nayenso, mupatseni kope alembe zomwe wamva musanafike kunyumba, ndipo musamuletse akalemba kuti gawo lachiwiri linamugonetsa tulo. Munditumizire ndidzawerenge.